Mmene mungaunikire bilu yofuna kugawa makhoti a apilo a ku America

Mukamva kuti aphungu a Congress, nyumba ya malamulo ya ku America, abweretsanso bilu yogawa khoti la apilo kapena yoonjezera majaji, yambani mwadziwa mmene makhotiwa alili panopa. Makhoti a apilo a boma lalikulu la United States alipo 13, ndipo chiwerengero cha majaji ake, 179, sichinakwere kuyambira mu 1990. Khoti la First Circuit ku Boston lili ndi majaji 6 okha, pamene la Ninth Circuit, lomwe likulu lake lili ku San Francisco, lili ndi 29 ndipo limamva milandu ya zigawo 9 komanso ya zilumba za Guam ndi Northern Mariana. Mikangano yambiri imagwera pa khoti lomweli.

Pezani biluyo pa congress.gov, ndipo muone kumene aika California, chifukwa milandu yambiri ya Ninth Circuit imachokera kumeneko. Bilu yochotsa Alaska, Idaho ndi Montana n'kusiya California ndi majaji ochepa imangolemetsa katundu wa otsalawo, choncho yerekezerani milandu imene jaji aliyense angakhale nayo mbali zonse ziwiri. Dandaulo la ofuna kugawa nalonso ndi lomveka, poti khotili likafuna kuunikanso chigamulo chake pamakhala majaji 11 okha mwa 29 aja. Komabe komiti yotsogozedwa ndi Byron White, yemwe kale anali jaji wa khoti lalikulu la Supreme Court, inalangiza mu 1998 kuti deralo lisagawidwe, ngakhale kuti kugawa kunathekapo mu 1981, pamene Alabama, Florida ndi Georgia zinachoka mu Fifth Circuit n'kupanga Eleventh Circuit.

Ziwerengero za m'biluyo muzifananitse ndi chiwerengero cha majaji oonjezera chimene Judicial Conference, bungwe la majaji loyang'anira makhoti a boma lalikulu, limapempha ku Congress zaka ziwiri zilizonse.

Chimene ndimachiona chofunika koposa ndi tsiku limene mipando yatsopanoyo idzatsegulidwe, popeza majajiwa amasankhidwa ndi pulezidenti, amavomerezedwa ndi Senate (imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress), ndipo angathe kukhala pampando moyo wawo wonse. Bilu ya 2024 yoonjezera majaji 66 m'makhoti aang'ono inamwaza mipandoyo pa zaka zingapo kuti pulezidenti mmodzi asadzaze yonse, ndipo Senate inaivomereza chisankho cha pulezidenti chisanachitike. Nyumba inayo, ya House, inadikira mpaka Donald Trump atapambana kuti iivomereze, ndipo Joe Biden, yemwe anali pulezidenti panthawiyo, anaikana mu Disembala chaka chomwecho.