Mphaka akamakwera pamwamba pa kabati: zoyenera kukonza m'nyumba mwanu

Mphaka amene munamubweretsa kuti akuthandizeni pa makoswe sadzasiya kukwera. Mungamukalipire, mungamuthire madzi, mukangotembenuka mumupeza ali phee pamwamba pa wadiropu. Ndi chibadwa chake. Pamwamba ndi pomwe amaonera zonse, galu ndi ana samufikira, ndipo makoswe amene mukufuna awagwire amayenda m'mwamba momwemo, m'mapaso ndi m'mbali mwa denga. Choncho tisataye nthawi ndi kuletsa mphaka. Tikonze katundu amene amakwerapoyo.

Ndikamalankhula nkhaniyi m'makomo, ambiri amandiyankha kuti mphaka sagwa chagada. Mawuwa ali ndi choonadi chake. Mphaka amatha kudzitembenuza ali m'malere n'kutera ndi miyendo, ndipo lusoli limayamba kamwana kakakwana masabata 3 kapena 4, n'kudzakhwima pafupifupi pa masabata 7. Koma kutera ndi miyendo sikutanthauza kuti wapulumuka. Mu 1987 madokotala a ziweto ku New York analemba za amphaka 132 amene anagwa kuchokera m'nyumba zosanjikizana. Mwa amene analandira chithandizo, 90 pa 100 aliwonse anakhala ndi moyo, koma ambiri anali ovulala m'chifuwa, ena atathyoka nsagwada, mano kapena miyendo. Mphaka akatera mwamphamvu miyendo imapinda, chibwano n'kumenya pansi. M'nyumba zathu mtunda ndi waufupi, inde, koma pansi ndi pasimenti, ndipo m'njira muli ngodya ya tebulo kapena mpando. Komanso kabati ikagwa naye limodzi n'kumupsinja, luso lotembenuka lija silithandiza kanthu.

Pamenepa ndiye pagona nkhani. Mphaka wamkulu amalemera makilogalamu 3 mpaka 5. Si ambiri, koma akamadumpha kuchoka pamwamba amakankha ndi miyendo yakumbuyo mwamphamvu, ndipo mphamvu yonseyo imagwera kunsonga kwenikweni kwa kabati, komwe n'kosavuta kuipendeketsa. Shelefu yaitali koma yopyapyala, disipuleyi yamagalasi yomwe mbale zadothi zolemera zasanjidwa kumtunda, wadiropu yomwe mwasenzetsa masutikesi, zonsezi zimakhala zikungodikira kankho pang'ono. Dirowa ikatsala yotsegula ndiye zafika poipa, chifukwa kulemera kumathamangira kutsogolo, ndipo mphaka amaiona ngati makwerero.

Yesani lero lomwe. Tsegulani zitseko ndi madirowa onse, ikani dzanja pamwamba pa kabatiyo, muikokere kwa inu pang'onopang'ono wina ataigwirira. Miyendo yakumbuyo ikanyamuka musanagwiritse mphamvu zambiri, kabatiyo ndi yoopsa. Ndipo si kwa mphaka yekha. Mu 2016 kampani yogulitsa katundu wa m'nyumba ya IKEA inapempha ogula kuti abweze makabati a madirowa pafupifupi 29 miliyoni ku America chifukwa ena anagwera ana n'kuwapha. Mwana wa zaka ziwiri amakwera madirowa mofanana ndi mphaka, ndipo akhoza kukwera pomulondola mphakayo.

Mankhwala ake ndi kumangirira kabati kukhoma. Gulani mabulaketi awiri achitsulo opindika ngati chilembo cha L, masikuluwu ndi timapulagi tapulasitiki tolowetsa m'khoma. Zonsezi zimapezeka m'mahadiweya ndipo sizidula poyerekeza ndi galasi la disipuleyi. Mbali imodzi ya bulaketi igwire thabwa lenileni la kabati, la pamwamba kapena la m'mbali, osati kapulayiwudi kopyapyala kakumbuyo kaja, chifukwa iko kamangong'ambika. Mbali inayo ilowe m'njerwa yootcha kapena m'buloko. Musakhutire ndi pulasitala, ndipo pewani mpata wa pakati pa njerwa, makamaka ngati anamangira dothi. Ngati mulibe chobowolera, kalipentala wa m'dera lanu ntchitoyi amaimaliza pa kanthawi kochepa.

Nyumba ya zidina ili ndi vuto lake: pulagi sigwira, imatuluka ndi dothi lomwe. Pamenepo kolowekani waya wolimba kunsonga kwa kabati n'kumangirira ku mtanda wa denga, kapena bowolani khoma mpaka kunja, mulowetse bauti lalitali, kunjako muikeko kathabwa kotchinjiriza. Amene muli pa lendi, kambiranani ndi eni nyumba. Timabowo tiwiri timatsekeka ndi simenti ya m'dzanja limodzi tsiku losamuka. Akakana ndithu, chitani zimene mungathe: zolemera zonse zitsike m'mashelefu apansi, zopepuka zikwere, ndipo pansi pa miyendo yakutsogolo mulowetsepo timatabwa topyapyala kuti kabatiyo itsamire kukhoma. Zimenezi zimachepetsa ngozi koma sizifanana ndi bulaketi. TV nayonso, izi zopyapyala zamasiku ano, ndi bwino kuipachika kukhoma kusiyana ndi kuisiya yangoima pa timiyendo take.

Tsopano tione zomwe timaika pamwambapo, chifukwa apa ndi pomwe ndimadandaula kwambiri. Tinazolowera kuti chilichonse choopsa chizikhala pamwamba pa kabati kuti ana asachifikire. Maganizowo ndi abwino, koma mphaka amafikako usiku uliwonse. Pamwambapo ndi pomwe ambiri amaika nsima kapena usipa wothira tameki kuti aphe makoswe. Tameki ndi poizoni wamphamvu kwambiri. Mphaka akanyambita pang'ono pokha amayamba kutuluka dovu, kunjenjemera, ndipo akhoza kufa pa nthawi yochepa. Akhozanso kudwala atadya khoswe amene wadya poizoniyo. Ngati muli ndi mphaka, poizoni wa makoswe asalowe m'nyumba. Simungagwiritse ntchito ziwirizi pamodzi. Mankhwala a m'munda, a chimanga ndi a anthu akhale m'kabati yotseka, osati pamwamba pake, chifukwa botolo lomwe mphaka wagwetsa amalitola ndi mwana.

Magetsi akazima, kandulo kapena koloboyi musaziimike pamwamba pa disipuleyi. Mchira umodzi ukwanira kugwetsera moto pa katani kapena pa sofa. Fulasiki ya madzi otentha ndi ayironi yomwe mwangosita nayo zisakhalenso m'mphepete. Tinsalu toluka tokongoletsera tija timaterera: mphaka akateramo timachoka naye limodzi, pamodzi ndi zonse zomwe zinali pamenepo. Ngati mumatikonda, tipanikizeni ndi timisomali, apo ayi tichotseni pamalo omwe mphaka amatera.

Onaninso mpata wa pakati pa wadiropu ndi khoma. Kamwana ka mphaka kakagweramo chamutu sikatha kutembenuka, ndipo kamatha kulira usiku wonse anthu osadziwa komwe kali. Mpatawo ukhale wothina moti sangalowemo, kapena muutseke pamwamba ndi thabwa. Musanatseke wadiropu kapena dirowa popita ku ntchito, suzumiranimo kaye.

Mukatchinga malo oopsa, mupatseni ake. Zikhadabo za mphaka zinapindikira kumbuyo, n'chifukwa chake kukwera savutika koma kutsika kumamuvuta, ndipo amavulala kwambiri potsika. Khomererani mashelefu awiri kapena atatu kukhoma ngati masitepe, otalikirana masentimita 30 mpaka 40, lililonse lokwana kuti agonepo. Pamwamba pake mukhomerepo chiguduli kapena kachidutswa ka kapeti kuti zikhadabo zigwire. Lapamwamba likhale pafupi ndi windo lokhala ndi sefa, muikepo nsalu yomwe amagonera. Mphaka akapeza malo okwera omwe palibe womuthamangitsa, amachepetsa yekha kupita kwinako. Mphaka wokalamba, wopitirira zaka 10, nthawi zambiri mfundo za mafupa zimamupweteka ngakhale saonetsa. Mukaona akuzengereza asanadumphe, muikireni kampando kapena bokosi lolimba poti apondepo.

Nanga akagwa? Mphaka amabisa ululu. Akhoza kudzuka n'kuthawira kunsi kwa bedi inu n'kumati ali bwino, pomwe m'kati akukha magazi. Muyang'anitsitseni kwa masiku awiri. Akamapuma mwabefu kapena kukamwa kuli yasa, magazi akamatuluka m'mphuno kapena m'kamwa, akamalephera kutafuna, akamatsimphina, akasiya kukodza, kapena nkhama zake zikayera mbuu, musadikire kuti kuche. Mufunditseni chitenje kapena tawulo, mumunyamule thupi lonse mosamupinda, mumuike m'katoni yoboola timabowo topumira, mupite naye kwa dokotala wa ziweto. Ku Lilongwe kuli bungwe losamalira ziweto la LSPCA, ku Blantyre kuli lina la BSPCA, ndipo kumadera ena funsani alangizi a ziweto a boma kudera kwanuko.

Chonde musamumwetse Panado. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula paracetamol, mankhwala omwe ali mu Panado, ngati mmene chathu chimachitira, ndipo piritsi limodzi lokha likhoza kumupha. Brufen nayonso imamuwononga impso. Chisoni chomwe chimakuchititsani kumugawira mankhwala anu ndi chomveka, koma chithandizo chabwino pa nthawiyo ndi kumuika pamalo abata, ofunda, mpaka aonedwe ndi wodziwa.

Mphaka wovulala amaluma ngakhale mbuye wake, n'chifukwa chake ndati mumugwire ndi nsalu. Akakulumani kapena kukukandani mpaka magazi, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukawauze ngati mphakayo anabayidwa katemera wa chiwewe kapena ayi.