Kulangiza mnzanga wa kuntchito m'Chingerezi

Ku ofesi kwathu ku City Centre kuli mayi wina wochokera ku Kenya, ndipo timalankhulana m'Chingerezi basi. Tsiku ndi tsiku amadandaula: mizere ya mafuta, kuzimazima kwa magetsi, lendi ku Area 47, mwana wosagona usiku. Ine mawu olangiza ndinali nawo, koma a kusukulu aja, "you must" ndi "you should". Amamveka ngati a hedimasitala pa asembule, mayi uja n'kungoti zii.

Ndinayamba ndi kufunsa kaye: "Do you want advice, or should I just listen?" Nthawi zambiri amangofuna womumvetsera, nkhani n'kuthera pomwepo. Akafuna malangizo, ndimawapereka ngati funso, "Have you tried...?" kapena "Maybe you could...", kenako chinthu chimodzi chokha, monga kugula mayunitsi a magetsi pa foni m'malo mokaima pamzere.

Kuzolowera kunavutako. Ndinkayeserera chamumtima m'minibasi pochokera ku Area 25, madzulo n'kutumizira mchemwali wanga mawu pa WhatsApp, iye n'kumandiseka ndikalakwa katchulidwe. Sabata yatha mayi uja anabwera yekha pa desiki panga kudzafunsa za sukulu ya mkaka ya mwana wake.