Kaphikidwe ka fudge wa chokoleti wodyera Khirisimasi

Fudge wanga woyamba tinachita kumudya ndi supuni chifukwa sanagwire. Wachiwiri anagwira, koma ankamveka ngati mchenga m'mano. Zosakaniza zinali zomwezomwezo maulendo onse awiri, ndipo chimene ndinkalakwitsa ndi mthiko: ndinkatakasa pofunika kusiya, n'kusiya pofunika kutakasa.

Kwa amene simunamulawe, fudge ndi switi yofewa ya shuga, mkaka ndi batala, imene imadulidwa m'timagawo. Anatchuka ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, makamaka pakati pa atsikana a pa koleji ya Vassar ku New York amene ankadziphikira okha. Kusalala kwake kumachokera ku timibulu ta shuga tating'onoting'ono kwambiri toti lilime silingatimve. Timibuluto tikakula, ndiye mchenga uja.

Zofunika

Shuga magalamu 600 (makapu 3), ufa wa koko wopanda shuga magalamu 60, mkaka wosachotsa mafuta mamililita 360, batala magalamu 60, mchere wongotsina ndi zala, ndi vanila kasupuni kamodzi. Ngati muli ndi golden syrup (manyuchi a shuga ooneka ngati uchi), supuni imodzi imathandiza kuti shuga asachite mibulu msanga. Koko wake asakhale uja wothira m'kapu n'kumwa, chifukwa ameneyo ali kale ndi shuga.

Poto akhale wamkulu, wa malita 4 kapena kuposa, komanso wokhuthala pansi. Mkaka ndi shuga zikawira zimafufuma kwambiri, ndipo zikatayikira pa mbaula mudzakhala mukupala tsiku lonse.

1. Konzeranitu mothira

Yalani pepala lophikira makeke m'thireyi ya masentimita 20 mbali zonse, n'kupaka batala pang'ono. Chitani izi moto musanayatse, chifukwa kumapeto kulibe mpata.

2. Sungunulani shuga

Sakanizani shuga, koko ndi mchere zili zouma kuti koko asaumbike, kenaka thirani mkaka ndi golden syrup. Ikani pa moto wochepa ndipo muzitakasa osalekeza mpaka shuga yense asungunuke. Mukhoza kudonthetsera pang'ono pa mbale, kudikira kuti pazizire, n'kufikisa ndi zala: ngati mukumvabe timiyala, pitirizani. Shuga amene wamatirira m'mbali mwa poto mupukuteni ndi kansalu konyowa, kapena vundikirani poto kwa mphindi 2 kuti nthunzi imutsukire pansi. Kambulu kamodzi kotsalira kakhoza kuyambitsa mchenga m'poto yense.

3. Zikayamba kuwira, chotsani mthiko

Apa m'pamene ambiri timalakwitsa, chifukwa dzanja limayabwa. Onjezerani moto pang'ono, zisiyeni ziwire zokha mpaka kutentha kufike pakati pa madigiri 112 ndi 116. Ine ndimaphula pa 114. Zimatenga mphindi 15 mpaka 30 malinga ndi moto wanu, choncho musadalire wotchi.

Ngati muli ndi themometa yophikira, yambani mwaiyesa m'madzi owira. Madzi amawira pa madigiri 100 kumalo otsika ofanana ndi nyanja yamchere, koma kumalo okwera nambalayi imatsika ndi digiri imodzi pa mamita pafupifupi 300 alionse. Madzi anu akawira pa 97, ndiye kuti muchotse 3, muphule fudge pa 111.

Ngati mulibe themometa, kapu ya madzi ozizira imagwira ntchito yomweyo. Donthetsani pang'ono m'madzimo, ndipo pisani zala. Zikangosungunuka madzi n'kuda, sizinapse. Zikaumbika kukhala kampira kofewa, koti mukakatulutsa kamaphwatalala pang'onopang'ono pa chala, phulani nthawi yomweyo. Kampira kakalimba ngati mwala ndiye kuti mwapitirira. Madzi muzisintha ulendo uliwonse, ndipo samalani ndi zala: shuga wowira amamatirira pakhungu n'kumawotcha kuposa madzi owira. Ana akhale kutali.

4. Lekani zizizire, osagwedeza

Ikani batala ndi vanila pamwamba, koma osatakasa. Poto akhale phee pamalo amodzi mpaka kutentha kutsike kufika pa madigiri 43. Popanda themometa, gwirani pansi pa poto: pakhale pofunda poti dzanja likhoza kukhalapo osachotsa. Nthawi zambiri zimatenga mphindi 40 mpaka ola lathunthu. Mukatakasa kukadali kotentha, timibulu timayamba kupangika tochepa ndipo timakhala ndi mpata wokula. Mukadikira, timapangika tambirimbiri nthawi imodzi, tonse tating'ono.

5. Puntheni

Tengani mthiko wolimba, takasani mwamphamvu. Poyamba zimanyezimira ngati zopaka vanishi ndipo zimatsika pa mthiko ngati uchi. Pakatha mphindi 5 mpaka 10 mkono umayamba kulemera, mtundu umayererako, kunyezimira kuja n'kuyamba kuzilala. Mukangoona zimenezi, ponyanimo mtedza wokazinga ngati mumaukonda, ndipo khuthulirani m'thireyi msangamsanga. Mukachedwa ndi theka la mphindi, fudge amaumira m'poto momwemo, mthiko uli chiimire. Zinandichitikira chifukwa choyankha foni.

6. Dulani

Salazani pamwamba, siyani patebulo kwa maola 2 kapena 3. Dulani ndi mpeni woviika m'madzi otentha n'kuupukuta. Timagawo tikhale tating'ono, mizere 6 uku ndi uku kuti mupeze 36, chifukwa fudge ndi wotsekemera kwambiri moti gawo lalikulu limakola.

Akakanika musataye. Kaya wafewa kwambiri kaya wachita mchenga, mubwezereni m'poto ndi theka la kapu ya madzi, musungunule pa moto wochepa, muyambirenso kuchokera pa gawo lachiwiri. Tsiku la mvula yambiri amavutirapo kugwira chifukwa shuga amakoka chinyezi, ndiye ndi bwino kuphula pa digiri imodzi pamwamba pa masiku onse.

Pali njira yachidule: kusungunula chokoleti wakuda magalamu 400 pamodzi ndi chitini chimodzi cha mkaka wa kondensi cha magalamu 397, n'kuika mu furiji maola 3. Ndi wokoma ndithu ndipo salephereka, koma kwa ine amatafunika ngati chokoleti wofewa, alibe kuja kusungunuka pa lilime kwa wophika ndi shuga.

Wophika ndi shugayu musungeni m'kontena yotseka bwino, pepala pakati pa mizere, pamalo ozizirirapo koma osati mu furiji, chifukwa furiji imamuumitsa. Amakhala bwino sabata imodzi kapena awiri, ndiye ngati ndi wa mphatso, phikani patatsala masiku 3 kapena 4 kuti Khirisimasi ikwane.