Momwe mungasakire kabokosi ka geocaching pamatanthwe a phiri ngati la Mulanje

Pa 2 Meyi 2000 boma la America linasiya kusokoneza dala mafunde a GPS, ochokera ku masetilaiti, amene anthu wamba amagwiritsa ntchito podziwa malo omwe ali. Kachipangizo komwe dzulo lake kankaphonya malo ndi mamita pafupifupi 100 kanayamba kuphonya ndi mamita ochepa chabe. M'mawa mwake, mkulu wina dzina lake Dave Ulmer anakabisa ndowa yakuda m'tchire kufupi ndi Beavercreek ku Oregon, n'kulemba manambala a malowo pa intaneti kuti wofuna akaisake. Chibisalirano cha geocaching chinayambira pamenepo, ndipo lero timabokosi tobisidwa tilipo toposa 3 miliyoni m'maiko oposa 190.

Tambiri mwa timabokosito tili m'mapaki ndi m'mbali mwa misewu, poti ndi mwana yemwe angatipeze. Koma pali tina timene mwini wake amabisa kawiri. Amayamba wabisa manambala a malo m'ndagi yoti mumasule, kenako kabokosiko amakakaika pamwamba pa matanthwe, komwe munthu amafika chokwawa. Pamasewera a mtundu umenewu foni imakuuzani komwe kuli kabokosi, koma za njira siidziwa kanthu. Muvi wake umaloza molunjika ngakhale kutsogolo kuli phompho.

Sankhani kabokosi koyenera msinkhu wanu

Tsegulani akaunti yaulere pa Geocaching.com, ndipo ngati foni yanu ndi ya Android, pulogalamu ya c:geo ndi yaulerenso. Kuno kwathu timabokosi n'tochepa poyerekeza ndi ku South Africa, choncho yang'anani kaye pamapu kuti muone tomwe tilipo kudera lomwe mukufuna kupita.

Kabokosi kalikonse kali ndi manambala awiri, kuyambira 1 mpaka 5. Ya D ikunena za kuvuta kwa ndagi ndi kabisidwe kake, ya T ikunena za kuvuta kwa malo. T ikafika 4 ndiye kuti mudzatuluka thukuta ndipo manja adzagwira nawo ntchito. T5 imafuna zida zapadera monga zingwe, komanso munthu amene anaphunzira kuzigwiritsa ntchito. Ngati simunakwerepo ndi chingwe, T5 isiyeni kaye.

Kenako werengani zomwe analemba amene anapitako kale. Anthu ambiri amadumpha gawo limeneli, chonsecho ndi mmene muli nzeru zonse. Onani tsiku lomwe kabokosiko kanapezeka komaliza. Ngati papita zaka, kapena anthu angapo motsatizana analemba DNF, chizindikiro choti anasaka osakapeza, mwina kanapita ndi moto wolusa kapena madzi. Pa Mulanje kumbukirani kuti namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagumula nthaka ndi miyala m'malo ambiri, ndiye zomwe wina analemba zisanachitike zimenezi zikhoza kunena za njira yomwe kulibenso.

Ndagi imasulireni kunyumba

Timabokosi ta ndagi timaoneka pamapu ndi chizindikiro cha funso. Manambala omwe ali pamwamba pa tsamba lake ndi onamizira. Malo enieni kawirikawiri amakhala osapitirira makilomita 3.2 kuchokera pamenepo, ndipo mfundo imeneyi ndi yoyesera yankho lanu: likakuponyani kutali kuposa apa, mwalakwitsa penapake.

Mwini kabokosi akhoza kulemba chonchi: S 15° 5A.BCD, E 035° 3E.FGH, n'kukupatsani mafunso oti yankho lililonse lilowe m'malo mwa chilembo chimodzi. Ena amabisa manambala m'chithunzi, ena m'mawu osokonezedwa. Zonsezi zimafuna tebulo, pensulo ndi mtima wodekha. Munthu wotopa, amene zala zauma ndi mphepo ya pa mamita 2,500, masamu samuyendera. Tsamba likakhala ndi poyesera yankho, yesani musanachoke pakhomo.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amasokera asanavale n'komwe nsapato. Manambala a geocaching amalembedwa m'madigiri ndi maminiti, ndipo digiri imodzi ili ndi maminiti 60. Miniti imodzi poyenda chakumpoto kapena chakumwera ndi mamita 1,852. Ndiye mukalakwitsa ndi 1 nambala yomalizira yeniyeni, mwaphonya ndi mamita osakwana 2, palibe vuto. Mukalakwitsa yoyamba pambuyo pa kadontho, mwaphonya ndi mamita 185, zomwe paphiri zikhoza kukuikani tsidya lina la chigwembe. Choopsa kwambiri ndi kusakaniza kalembedwe. 15° 57.000' ndi chimodzimodzi madigiri 15.95. Mukalemba 15.57 m'pulogalamu yowerenga madigiri okhaokha, foni idzakulozerani malo otalikira makilomita 42 chakumpoto, ndipo idzatero mosakayika konse.

Palinso nkhani ya mapu apepala. Geocaching imatsata muyeso wa WGS84, pomwe mapu akale a 1:50,000 a dipatimenti yoona za mapu kuno anajambulidwa pa Arc 1950. Mukangosamutsa manambala osasintha muyeso, kadontho kanu kagwa kutali ndi mamita mazana. Mapu akalewo ndi abwino kwambiri poonetsa mitsinje ndi zitunda, ingowerengani zomwe zalembedwa m'mphepete mwake.

Ndagi zina sizitheka kumalizira kunyumba. Zimakutumani pamalo oyamba kuti mukawerenge chinachake, kenako zimati yendani mamita 120 molunjika madigiri 70. Yeserezani zimenezi pabwalo la mpira ndi kampasi, mudziwe mapazi angati anu amakwana mamita 100, ndipo funsani ngati mwiniyo akunena za kumpoto kwenikweni kapena kwa kampasi, poti ziwirizi zimasiyana ndi madigiri angapo.

Jambulani njira musanaone phiri

Mwapeza manambala enieni. Aikeni pamapu okhala ndi mizere yoonetsa kukwera kwa malo. Mizere ikathithikana, pamenepo ndi potsetsereka kwambiri, ndipo ikakumana ndiye kuti ndi khoma. Funani njira yodziwika yomwe ikudutsa pafupi kwambiri, kenako onani mbali imene mizere yatalikirana, chifukwa mwini kabokosi nayenso ayenera kuti anadzera komweko atanyamula chikwama. Lembani m'foni malo omwe mudzapatukire kusiya njira, ndi malo ena awiri kapena atatu odutsamo. Mapu akhale osungidwa m'foni momwemo kudzera pa pulogalamu ya OsmAnd kapena Organic Maps. GPS siifuna netiweki kapena bandulo, koma mapu osasungidwa amafuna. Manambala onse alembeninso papepala, mulikulunge m'kajumbo.

Nyengo, wolondolera ndi chikwama

Tinene kuti ulendo ndi wa ku Mulanje. Yambirani ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, mulembetse, mutenge wolondolera wovomerezeka. Ena amati wolondolera amachotsa kukoma kwa masewerawa. Ine ndimaona kuti ntchito zake n'zosiyana: inu mukudziwa kadontho, iye akudziwa mwala uti umaterera ndi khwawa liti limadzaza mvula ikagwa kumtunda. Muonetseni pamapu komwe mukufuna, ndipo akati uko lero sitipita, musalimbane naye.

Nthawi ya dzinja matanthwe amanyowa ndipo mitsinje imadzaza mwadzidzidzi. Miyezi yozizira ndi yabwinoko, koma ndi nthawi ya chiperoni, nkhungu yochokera chakumwera chakum'mawa imene imaphimba phiri mwakanthawi kochepa mpaka mnzanu osamuona pamamita ochepa. Mu Juni ndi Julayi usiku madzi amatha kuundana pamwambapo, ndipo dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane. Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, inatengapo kale miyoyo: mu 2003 mlendo wa ku Netherlands anasowa osapezekanso, ndipo mu 2009 wina wa ku Brazil anapezeka atamwalira. Onse awiri anali okha panthawiyo.

M'chikwama mukhale jekete losalowa madzi, juzi, chipewa, tochi yapamutu, wenzulo, kampasi, pawabanki, mabandeji, madzi, chakudya chopitirira cha tsikulo ndi cholembera. Nsapato zikhale za mphira wofewa wogwira pamwala. Uzani wina wotsala m'munsi komwe mukupita ndi nthawi yobwerera. Ikaninso ola loti likakwana mukutembenuka, kaya kabokosi kapezeka kapena ayi. Opita ku Sapitwa amagona m'kanyumba ka alendo ka pa Chisepo n'kulawirira mbandakucha pachifukwa chomwechi.

Pathanthwe, foni m'thumba

Malo akafika poti manja akufunika, tsekerani foni m'thumba la zipi. Yang'anani manambala mutaima pabwino, sankhani chinthu chooneka ndi maso, kaya mwala wong'ambika kapena mtengo wa mkungudza wouma, mufike pamenepo, ndiye mutulutsenso foni.

Pokwera, ziwalo zitatu zikhale zogwira pamene chimodzi chikusuntha. Pathanthwe lopendekeka mantha amakuuzani kuti mugone chamimba, koma mukatero mapazi amasiya kugwira. Imani mowongokerako, phazi lonse lipondetse pamwala, mapazi akhale afupiafupi. Mizere yakuda yomwe mumaiona pathanthwe ndi modutsa madzi, ndipo ndere zake zimaterera ngati therere ngakhale pooneka pouma. Tsinde la udzu musalikhulupirire ndi thupi lanu lonse, limazuka ndi dothi lomwe. Mwala uliwonse ugwedezeni kaye musanaukoke. Musakwere mondondozana wina pansi pa mnzake, ndipo mwala ukagubuduka fuulani.

Musanakwere chigawo chilichonse dzifunseni ngati mungathe kutsika pomwepo. Kutsika n'kovuta kuposa kukwera chifukwa popondapo sipaoneka. Muzicheukanso pafupipafupi kuti muone mmene njira idzaonekere pobwerera.

Mamita khumi omaliza

Pafupi ndi makoma a miyala mafunde a GPS amanjanja, ndiye muvi umayamba kuzungulirazungulira. Foni ikati kwatsala mamita 5 kapena 10, ntchito yake yatha. Ikaloza kumphepete kwa phompho musaitsatire. Khalani pansi, werengani kachidziwitso komwe mwiniyo anasiya, muyang'ane chomwe sichikuoneka chachilengedwe: timiyala tosanjidwa bwinobwino pakamwa pa mng'alu, kapena nkhuni zogonekedwa mofanana. Malamulo amaletsa kukwirira kabokosi, choncho palibe chokumba. Musalowetse dzanja m'mphako musanaunike ndi tochi ndi kugogoda ndi kamtengo, poti njoka ndi zinkhanira zimakondanso malo omwewo.

Mukakapeza, lembani dzina ndi tsiku m'kabuku kake. Mukatengamo kanthu, siyanimo kena kofanana nako mtengo kapena koposa. Chakudya musaikemo, anyani ndi mbewa zidzaswa kabokosiko. Kanthu kokhala ndi nambala yakeyake kamene kamayenda kuchoka m'kabokosi kupita m'kena si kanu, katengeni pokhapokha ngati mukapititsa kwina. Tsekani zolimba, bwezerani momwe munapezera. Mukafika kunyumba lembani pa intaneti mmene njira inalili, osaulula pobisalira. Mukalephera, lembani DNF ndithu, chifukwa ndi mmene mwini wake amadziwira kuti kabokosi kake kasowa.

Ngati kudera lanu kulibe kabokosi, mukhoza kubisa kanu mutapezako kaye ena angapo. Pemphani chilolezo kwa oyang'anira malowo, katalikirane ndi kena ndi mamita osachepera 161, ndipo kakhale poti mudzatha kumakakaona. Pa Mulanje, phiri lomwe UNESCO inalilemba mu 2025 pamndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse, pali malo opembedzerako mizimu ndi kuthira nsembe. Funsani amfumu ndi olondolera akuuzeni omwe ali otero, ndipo kabokosi kanu kakhale kutali nawo.