Mwana akatsegula m'mimba, bwezerani madzi amene akutayika

Amayi ena ku Chinsapo anandionetsa buku la kuchipatala la mwana wawo, chala chili pa mawu amene adokotala analemba: diarrhoea. Ankaopa kuti ndi matenda achilendo amene awabisira. Ayi, ndi kutsegula m'mimba komwe timakudziwaku. Mawuwa anachokera ku Chigiriki, ndipo Hippocrates, sing'anga wa ku Greece, ankawagwiritsa ntchito zaka zoposa 2,000 zapitazo. Dia ndi kupyola, rhein ndi kuyenda ngati madzi a mumtsinje. Tanthauzo lake ndi loti madzi akungodutsa m'thupi osaima.

Ndimakonda kufotokoza zimenezi chifukwa vuto lenileni lili pomwepo. Chimene chimapha mwana ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Komabe ndimapeza makolo akumumana madzi ndi bere, ati m'mimba muume. Chonde musatero. Liwombo likalowa, maso akalowa m'kati, khungu la pamimba mukalitsina n'kumachedwa kubwerera, ndiye kuti madzi atha. Kumata mankhwala pa liwombo sikubwezera madziwo.

Mwana akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposa pa tsiku, yambani Thanzi ORS, ufa wobwezera madzi ndi mchere m'thupi, nthawi yomweyo. Sungunulani paketi yonse mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Musagawe paketi, musaonjezere shuga. Wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi, wa zaka 2 mpaka 10 amwe 100 mpaka 200. Mumwetseni ndi supuni, pang'onopang'ono. Akasanza dikirani mphindi 10 kenaka muyambirenso. Zotsala zikatha maola 24 tayani, musungunule zina.

Zinki, mapiritsi amene mwana wotsegula m'mimba amapatsidwa kuchipatala, ndi amene ambiri amasiyira panjira. Mwana akangoyamba kusewera, mapiritsi amaiwalika m'thumba. Ayenera kumwa masiku onse 10 mpaka 14 monga mwauzidwa kuchipatala, chifukwa amathandiza matumbo kuchira ndi kumuteteza miyezi iwiri kapena itatu ikubwerayo. Bere lipitirire, phala lipitirire.

Mukaona magazi m'chimbudzi, ameneyo ndi kamwazi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mwana akamakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, kapena akalefuka moti sakudzuka bwino. Chimbudzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga chimatikumbutsa kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri. Pamenepo musadikire kuti kuche. Nyamukani, botolo la Thanzi lili m'manja, mukumumwetsa panjira.

Mvula ikayamba, zitsime zosatetezedwa za ku Mtandire, Mgona ndi Kauma zimalandira madzi ochokera kuzimbudzi. Thirani klorini m'madzi akumwa, vindikirani ndowa, ikani mpondagiya ndi sopo pafupi ndi chimbudzi. Muonenso m'buku la mwana ngati analandira katemera wa rota, woteteza ku kachilombo koyambitsa kutsegula m'mimba, amene anayamba kuperekedwa ku Malawi mu 2012. Ngati malowo sanalembedwe, funsani alangizi a zaumoyo pa sikelo ya mwezi uno.