Musanagule wotchi yakale ya m'thumba

Mukafuna kudziwa chaka chimene wotchi ya kampani ya Waltham, Elgin kapena Hamilton inapangidwa, tsegulani kumbuyo muwerenge nambala yolembedwa pa makina, osati ya pa chigoba. Ku America zigoba zambiri zinkapangidwa ndi makampani ena, wogula n'kusankha yekha, ndiye nambala ya pa chigoba imasokeretsa.

Wotchi ikakhala kuti yagona zaka zambiri, musaiyendetse musanapite nayo kwa katswiri. Mafuta akale amauma, tizitsulo n'kumaperesana. Popukusa, mukamva kulimba lekani pomwepo.

Wotchi za ogwira ntchito ku njanji, monga Hamilton 992B, sizitcheredwa nthawi pokoka kachitsulo kapamwamba ayi. Masulani mkombero wa galasi, mukoke kachitsulo kam'mbali.

Maginito a masipika amasokoneza kayendedwe ka wotchi, isungeni patali.