Kuphunzitsa feudalism ndi nyemba 500

Aphunzitsi ambiri akafika pa mutu wa feudalism, dongosolo la malo ndi ulamuliro la ku Ulaya wakale, amathamangira kujambula makwerero pa bolodi: mfumu pamwamba, akuluakulu pansi pake, asilikali apahatchi, kenako alimi pansi penipeni. Ana amakopera bwinobwino, koma pa mayeso amalemba kuti serf (mlimi womangika pa malo a mbuye wake) anali kapolo ndipo mfumu inali ndi mphamvu zonse. Zonse ziwirizi n'zolakwika, ndipo cholakwitsa ndi makwerero aja. Amangoonetsa amene ali pamwamba pa mnzake, osaonetsa chimene chinkamanga anthuwa pamodzi, chomwe ndi malo komanso zimene munthu ankabweza atapatsidwa malowo. Njira ili m'munsiyi imafuna mapiriyodi atatu a mphindi 40 ndi theka la kilo ya nyemba zouma, zomwe mungagule ku msika wa Soweto ku Lusaka kapena pa kantemba kalikonse.

Piriyodi yoyamba musayambire ku Ulaya. Yambirani pa lendi. Mwana wa ku Chawama, Matero kapena Kanyama amadziwa kuti nyumba ili ndi mwini wake, ndipo mwezi ukatha mwiniyo amagogoda. Afunseni kuti: kukanakhala kuti ndalama n'zosowa m'dziko lonse, mwininyumba akanalipidwa chiyani? Ayankha okha kuti ntchito, chakudya, kapena kumulondera usiku. Apo ndiye mwafika. Auzeni kuti ufumu wa Charlemagne, amene anavekedwa ufumu ku Rome mu 800, utagawikana, ankhondo achilendo otchedwa ma Viking ndi ma Magyar ankaukira midzi ndipo mafumu analibe ndalama zosungira gulu lankhondo. Chimene anali nacho chochuluka ndi malo, ndiye ankalipira ankhondo ndi malo.

Pa bolodi lembani mapangano awiri, motalikirana, ndipo musalole kuti asakanikirane. Loyamba ndi la pakati pa mbuye ndi vassal, onse anthu aufulu. Vassal ankagwada, n'kuika manja ake pakati pa manja a mbuye, n'kulumbira kuti adzakhala wokhulupirika. Ankalandira malo otchedwa fief, ndipo ankabweza ntchito ya usilikali, kawirikawiri masiku 40 pa chaka. Lachiwiri ndi la pakati pa mwini malo ndi serf. Serf sanalumbire modzifunira, anangobadwira pamalopo. Ankalima munda wa mbuye masiku awiri kapena atatu pa sabata, ankagayitsa pa chigayo cha mbuye basi, ndipo ankalipira kuti akwatitse mwana wake wamkazi. Akamwalira, mbuye ankatenga chiweto chabwino koposa m'khola. Kusamuka popanda chilolezo sankaloledwa, komanso mwambo sunkalola kumuchotsa pa munda wake chisawawa. Apa ndi pamene amasiyana ndi walendi, yemwe amanyamula katundu n'kuchoka, komanso ndi kapolo, yemwe analibe munda n'komwe. Itanani ana awiri achite mwambo wa manja uja kutsogolo. Umatenga mphindi imodzi koma saiwala.

Piriyodi yachiwiri ndi ya nyemba. Pa kalasi ya ana 60, gawani motere: mfumu imodzi, akuluakulu atatu (mmodzi mwa iwo akhale bishopu, chifukwa Tchalitchi chinalinso ndi malo ambiri), asilikali apahatchi 6, ndi alimi 50. Mkulu aliyense alandire asilikali awiri, msilikali aliyense alimi 8 kapena 9. Maudindo agawidwe ndi timapepala tochita kutola m'chipewa. Mukasankha nokha, ufumu umapita kwa wanzeru wa m'kalasi ndipo ena amangoti n'zokondera.

Mlimi aliyense alandire nyemba 10, ndiye zokolola zake za chaka. Nyemba imodzi ipite kwa bishopu monga chakhumi. Zitatu aziike pambali ngati mbewu, ndipo apa imani kaye: pa nthawi imeneyo mbewu imodzi ya tirigu inkabweza zitatu kapena zinayi zokha, n'chifukwa chake chaka chimodzi choipa chinkabweretsa njala. Ziwiri apereke kwa msilikali m'malo mwa masiku ogwira kumunda wa mbuye, ina imodzi ya chigayo. Atsala ndi zitatu, pomwe msilikali wa alimi 8 ali ndi 24. Auzeni ana kuti manambalawa ndi a masewero chabe, asakawalembe pa mayeso ngati mbiri. Ngati mwagwiritsa ntchito chimanga m'malo mwa nyemba, nenaninso kuti chimanga chinafika ku Ulaya pambuyo pa 1492, apo ayi wina adzalemba kuti ma serf ankadya nsima.

Pano ndi pamene masewerowa amakonda kusokonekera. Aphunzitsi ambiri amauza asilikali kuti apereke nyemba kwa akuluakulu, akuluakulu kwa mfumu, mpaka mfumu itadzaza mbale. Zikatero ana amaphunzira za msonkho, osati za feudalism. Msilikali asunge nyemba zake; ngongole yake ndi thupi lake ndi hatchi yake. M'patseni kapepala kolembedwa "masiku 40". Kenako mfumu ilengeze nkhondo. Singaitane asilikali mwachindunji, iyenera kudzera kwa akuluakulu. Munong'onezeni mkulu mmodzi kuti akane. Mfumu iona yokha kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a gulu lake lasowa ndipo ilibe chochita. Tsopano tchulani 1215, pamene akuluakulu a ku England anakakamiza Mfumu John kuvomera Magna Carta, chikalata chochepetsa mphamvu za mfumu, ku Runnymede. Ana amva msanga, chifukwa angoziona ndi maso.

Ngati nthawi ilipo, patsani msilikali mmodzi malo kuchokera kwa akuluakulu awiri, kenako muwayambanitse akuluakuluwo. Apite kwa ndani? Zinkachitikadi. Ngakhale mafumu a England anali ma vassal a mfumu ya France chifukwa cha malo omwe anali nawo kumeneko, monga Normandy ndi Aquitaine. Makwerero a pa bolodi alibe poika munthu wotere.

Nyemba zimaponyedwa, choncho werengani 500 potulutsa ndi pobweza. Ndipo belu lisanalire, lengezani momveka kuti maudindo atha, timapepala tonse tibwerere m'chipewa. Mukaiwala, dzina loti serf limamutsatira mwana mpaka pa nthawi yopuma.

Piriyodi yachitatu yambani ndi mliri. Black Death inafika ku Ulaya mu 1347, ku England mu 1348, ndipo inapha munthu mmodzi mwa atatu alionse kapena kuposerapo. Bwezerani ana maudindo ndi nyemba zawo, khazikani pansi alimi 17 ngati omwalira, ndipo uzani asilikali kuti minda yawo ikufunikabe kulimidwa. Musawathandize. Pasanathe mphindi zisanu wina ayamba kunyengerera alimi a mnzake ndi nyemba. Malipiro akwera pamaso panu. Kenako fotokozani kuti boma la England linayesa kuletsa kukwera kwa malipiro ndi lamulo la 1351, ndipo mu 1381 alimi anaukira motsogozedwa ndi Wat Tyler. Koma musasiye ana akuganiza kuti zonse zinatha tsiku limodzi. Ku France maufulu a ambuye anathetsedwa mu 1789, ndipo ku Russia ma serf anamasulidwa mu 1861.

Mwana wina adzafunsa ndithu ngati mafumu athu ndi chimodzimodzi. Funsoli ndi labwino, koma musaliyankhe mothamanga. Kufanana kulipo: mfumu kapena nyakwawa imagawa malo, ndipo pa Kulamba ku Mkaika, ku Katete, mafumu amabwera kudzapereka ulemu ndi mphatso kwa Kalonga Gawa Undi. Koma mfumu ya Achewa imasunga malo m'malo mwa anthu ake, munda umayenda ndi mbumba kudzera kuchikazi, ndipo munthu wosakondwa amatha kusamukira mudzi wina. Chofanana kwambiri ndi moyo wa serf ndi thangata wa nthawi ya atsamunda ku Nyasaland, kumene anthu okhala pa minda ya azungu ankalipira lendi ndi ntchito, dandaulo limodzi mwa omwe anabutsa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Jambulani mizere itatu pa bolodi, ya serf, ya munthu wa pamudzi ndi ya wathangata, ndipo ana adzaze okha mayankho a mafunso awa: malo ndi a yani, amabweza chiyani, angachoke kapena ayi.

Ntchito ya kunyumba isakhale yojambula makwerero. Apatseni funso limodzi, ayankhe m'mizere 10: mfumu ikaitana nkhondo koma mkulu wake n'kukana, ingachite chiyani? Polemba mamakisi, yang'anani ngati mwana watchula malo ndi lumbiro. Amene wangoti mfumu imumange sanamve, ndipo ameneyo m'patseni ufumu mukadzabwereza masewerowa.